Funsa za Ulendo wa Maliro Maliro Asanagwe

Mphwanga,

Mayi ako andiuza kuti chinkhoswe chatheka, ndiponso kuti mwagwirizana zodzakhala kuno ku Lichinga, kwawo kwa mkazi wako. Ndakondwa kwambiri. Nyumba ya malume wako ilipo, ndipo ngati ukubwera mu Juni usaiwale jekete, chifukwa tauni ino ili pamtunda ndipo mphepo yake imalowa m'mafupa ngati ya ku Dedza. Chimene ndakhalira pansi usiku uno ndi nkhani imene ankhoswe sadzakuuzani, poti iwonso saidziwa. Ine ndinaiphunzira mochedwa, pamanda a agogo ako.

Kwathu mkamwini akafika pamudzi amamuonetsa pomanga nyumba ndi polima, basi wakhala wa pamudzipo. Mbali ziwiri za malire awa ndife anthu amodzi. Ayao a ku Namwera ndi a ku Mandimba amaikana maliro, Anyanja a ku Likoma akaima pagombe amaona nyumba za ku Cóbuè. Malirewo anawalemba Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, midzi ilipo kale. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu a kuno pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo azakhali ako ndinadziwana nawo masiku amenewo. Titasamukira kuno patapita zaka, ndinabwera ndi mtima wa munthu wopita kwa apongozi, ndipo sizinandifike m'mutu kuti ndikulowa m'dziko la eni. Apongozi anandilandira ngati mwana wawo. Boma linandiwerenga ngati mlendo, ndipo mlendo ndi mame, masiku ake amawerengedwa.

Kukwatira mwana wa dziko lino sikukupatsa chilolezo chokhala m'dziko lino. Kumangokupatsa chifukwa chomveka chopemphera chilolezocho. Pasipoti ya Malawi imakulowetsa pachipata popanda viza, koma imakulowetsa ngati wodzacheza, ndipo amakulembera masiku pa chidindo. Werenga chidindocho usanachoke pawindo, chifukwa masiku amenewo akatha tsiku lililonse lowonjezera lili ndi chindapusa chake. Chimene ukufuna iwe ndi khadi limene aliyense kuno amangoti DIRE, chiphaso cha mlendo wokhazikika. Limatuluka ku nthambi ya boma yoona za olowa ndi otuluka, SENAMI, imene anthu mumsewu amangoitchula kuti Migração. Poyamba amapereka la nthawi yochepa, lofuna kukonzanso, ndipo lokhazikika limabwera pambuyo, munthu ataonetsa kuti wakhaladi m'dziko.

Usanapite kumeneko, ukwati wako ulowe m'buku la boma. Lamulo la mabanja la Mozambique la 2004 linavomereza maukwati atatu: wa kuboma, wa kuchipembedzo ndi wa mwambo. Ambiri amamva zimenezi n'kugona tulo, amvekere nafenso tinadalitsa kutchalitchi, nafenso shehe anatimangitsa. Koma wa pawindo sadzafunsa abusa kapena ankhoswe. Adzafuna pepala lochokera ku Conservatória do Registo Civil, kumene amalemba za obadwa, okwatirana ndi omwalira. Ngati mudzalembetsa ukwatiwo ku Malawi, setifiketi yake ndi ya Chingerezi, ndiye iyenera kumasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka, ndi kudindidwa kuti kuno aikhulupirire. Ofesi za kazembe wa Mozambique zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Funsa kumeneko udakali kwanu. Kubwerera kuchokera ku Lichinga chifukwa cha chidindo chimodzi ndi ulendo wa masiku ndi ndalama za mwezi wathunthu.

Chimene chinandivuta ine pa mapepalawa n'chakuti safa tsiku limodzi. Kalata ya ku polisi yotsimikiza kuti ulibe mlandu ili ndi moyo wa miyezi yowerengeka. Kalata ya mlembi wa bairro, yonena kuti ukukhaladi m'dera lake, nayo imakalamba. Ine ndinayamba ndi ya ku polisi chifukwa inali yapafupi, kenako n'kuyamba kuthamangira setifiketi ya ukwati. Pamene setifiketi imafika m'manja, ya ku polisi ija inali itafa, ndipo ndinaitenganso kachiwiri. Iwe yamba ndi pepala lovuta ndi lochedwa, losafa msanga, ndipo la moyo waufupi ulitenge pomaliza, utatsala pang'ono kukapereka zonse.

Uyang'anenso dzina lako chilembo ndi chilembo. Chipwitikizi chimalemba mawu athu m'njira yake: Mtengula anakhala Metangula, Nyasa anakhala Niassa, Yusufu kuno amalembedwa Iussufo, Saidi amalembedwa Saíde. Mlembi wa mtima wabwino akhoza kukulembera dzina monga akulimvera, iwe n'kuthokoza, osadziwa kuti m'mabuku mwabadwa anthu awiri. Dzina lili mu pasipoti ndilo likhale pa pepala lililonse, ngakhale likuoneka lachilendo kwa iwo. Tsiku lobadwa chimodzimodzi. Ukaona cholakwika, nena pomwepo inki isanaume. Kukonza pambuyo kumatenga miyezi.

Tsiku limene ndinapereka mapepala onse anandipatsa kapepala kakang'ono, talão, kosonyeza kuti pempho langa lalandiridwa. Anandiuza kuti khadi limachokera ku Maputo ndipo ndizibwera kudzaona. Ndinatuluka mtima uli m'malo. Ndinakapinda kapepalako, n'kukaika m'Baibulo, n'kubwerera ku matabwa anga. Ukhale ukudziwa kuti Maputo ali kutali ndi Lichinga kuposa Lilongwe, kutali kwambiri, ndipo chilichonse chodutsa kumeneko chimayenda pa liwiro lake. Mwezi unatha, wachiwiri, wachitatu. Ndinkapita, ndinkamva kuti silinafike, ndinkabwerera. Masiku a pa chidindo cha mu pasipoti anali atatha kalekale, koma sindinade nkhawa, poti talão ndinali nako ndipo m'tauni muno kankandikwanira. Miyezi yonseyo ndinkafunsa funso limodzi lokha: khadi lafika? Sindinafunsepo ngati munthu wa kapepala aka angatuluke m'dziko n'kubwereranso.

Foni inalira Lachisanu usiku. Anali mayi ako. Sanathe kulankhula, anapatsira wina, ndipo winayo anati amayi atisiya. Ndinakhala pabedi mpaka tambala woyamba. Azakhali ako anayamba kumanga katundu, ufa, nyemba, nsalu, ndipo ndi iwo amene anandifunsa, mwaulemu, kuti kodi pachipata mukaonetsa chiyani? Ndinatulutsa pasipoti ndi kapepala kaja n'kuziyala patebulo. Pasipoti inkanena kuti ndine mlendo amene anapitiriza masiku. Kapepala kankanena kuti ndine munthu wodikira yankho. Panalibe pamene panalembedwa kuti ndikhoza kupita n'kubwera. Linali Loweruka, maofesi otseka.

Kuchokera ku Lichinga kukafika ku Mandimba ndi makilomita pafupifupi 150. Lero msewu wa N13 ndi wa tala, koma masiku amenewo unali wa fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Kuchoka pa Mandimba ndi makilomita angapo pa njinga kukafika pa Chiponde, ndipo kuchoka pamenepo Namwera ndi pakhomo. Ndi ulendo woti munthu atanyamuka m'mawa akhoza kugona pa siwa usiku womwewo. Anzanga anabwera kudzandipepesa, ndipo aliyense anali ndi nzeru yake. Wina anati pitani, maliro sakanizidwa. Wina anati mukatuluka pempho lanu lafa, mudzayambiranso. Wina anati pali anyamata a njinga odziwa njira za m'minda, salipiritsa zambiri. Palibe mwa iwo amene anali ndi yankho lochokera kwa eni ake a lamulo, ndipo ine amene ndinayenera kukhala nalo ndinalibe. Kuno ndinali ndi ana aang'ono ndi mkazi woyembekezera. Ndinaopa kuti ndikatuluka chipata chikanditsekera kunja.

Ndinadikira Lolemba. Ndinapita m'mamawa, ndinafotokoza, anandimvera, anandiuza zolemba, ndipo Lachiwiri ndinali ndi kalata yoti ndionetse pachipata. Sanandivutitse, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka mpaka lero. Chinthu chinali chotheka m'masiku awiri, ndipo ndinali ndi miyezi yonse ija yochifunsira. Agogo ako anaikidwa Lamlungu. Ndinafika Lachitatu n'kupeza dothi layamba kuuma pamwamba, nkhata zafota, anthu abalalika. Mayi ako ananditengera kumanda osanena kanthu. Ine ndinali mwana wamwamuna woyamba, mwini mbumba, woyenera kulankhula pa maliro amenewo. Wina analankhula m'malo mwanga. Akuluakulu a pamudzi sanandidzudzule pamaso, koma ndinamva zimene zinkanenedwa, zoti ukwati wa kutsidya unamudya. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lonse.

Tsono iwe, tsiku lomwelo ukulandira talão, usanachoke pawindo, funsa mafunso awa. Ndikafuna kupita ku Malawi khadi lisanatuluke, ndichite chiyani? Pakufunika kalata? Imatenga masiku angati? Ndikhoza kukhala kunja masiku angati pempho langa osaonongeka? Nanga zikagwa Loweruka? Yankho ulilembe m'kope, ndi tsiku limene wafunsa, ndipo ngati n'kotheka upemphe kuti akulembere iwo. Zimene zinandichitikira ine usazitenge ngati lamulo la lero. Lamulo la alendo la 1993 limene linkagwira ntchito nthawi yanga linalowedwa m'malo ndi lina kumapeto kwa 2022, ndipo kachitidwe ka m'maofesi kamasintha kuposa malamulo. Yankho la mnzako wa pamsika, ngakhale la malume wako, si chiphaso. Khadi likadzatuluka funsolo silinathe: mwini DIRE akafuna kukakhalitsa kunja amayenera kudziwitsa ofesi asananyamuke, apo ayi akhoza kubwerera n'kupeza chilolezo chake chagwa. Anthu amataya makhadi chifukwa chopita kukadwazika matenda kumudzi n'kukhalitsa.

Za njira za m'minda zija ndikuuze bwino, chifukwa udzayesedwa nazo. Anthu a m'malire amadutsa tsiku lililonse kupita kumsika, kuchigayo, kuchipatala, ndipo iwe poona zimenezo udzati vuto lili pati. Iwo sakupempha kanthu ku boma. Iwe uli ndi fayilo, ndipo moyo wako kuno ukuwerengedwa ndi zidindo. Mnzanga wina, mmisiri wa magalimoto, anadutsa m'minda kupita ku maliro a mchimwene wake. Kupita kunayenda bwino. Pobwerera mvula inali itagwa, mitsinje itadzaza, ndipo anadzera pachipata. Pasipoti yake inalibe chidindo chotulukira, koma munthu akuchokera kunja. Zimene zinatsatira zinamutengera ndalama zimene ankasungira malata, ndipo pempho lake linabwerera m'mbuyo kutali. Sindimuweruza, chifukwa iye anaika mbale wake ndipo ine sindinaike mayi anga. Koma tonse awiri tinagwa pa dzenje limodzi, losafunsa nthawi ilipo.

Usaganize kuti izi n'za kuno kokha. Anzako a ku Joni akuuza kuti ku South Africa, chiyambire malamulo a 2014, munthu wopitiriza masiku akamatuluka amaletsedwa kubwerera kwa chaka chimodzi mpaka zisanu, ndipo wokwatira nzika ya kumeneko amayenera kukhala m'banja zaka zisanu asanapemphe chilolezo chokhazikika. Ku America, wodikira khadi lokhazikika kudzera mu ukwati amayenera kutenga kaye chilolezo cha ulendo chimene amachitcha advance parole, ndipo ambiri akatuluka popanda chimenecho boma limawerenga kuti pempho alisiya okha. Boma lililonse limafuna kudziwa kumene wodikira ali, ndipo kutuluka mwakachetechete limakumva ngati kunena kuti sindikufunanso.

Pasipoti yako uisamale ngati mbewu. DIRE imatsamira pa pasipoti, ndiye pasipoti ikafa zonse zimagwedezeka. Usadikire kuti itsale ndi mwezi umodzi. Ukukumbukira kumayambiriro kwa 2024 pamene kusindikiza mapasipoti ku Malawi kunaima kwa masabata, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale kuti makompyuta ake alowereredwa ndi akuba a pa intaneti. Amene anali kumudzi anangochedwa ulendo. Amene anali kunja ndi pasipoti yotsala masiku anagona osagona. Mu 2020 nako, Mozambique italengeza nyengo ya ngozi kuyambira pa 1 Epulo chifukwa cha Covid-19, kuyenda pa malire kunavuta mwadzidzidzi, ndipo mabanja ena anagawika, bambo uku mayi uko. Sungadziwe chimene chidzatseke njira, ndiye mapepala ako azikhala ndi miyezi yapadera nthawi zonse. Ofesi ya kazembe wa Malawi ili ku Maputo, ina ku Tete, ndipo konseko ndi kutali ndi kuno. Kwa ife a ku Niassa nthawi zambiri chapafupi ndi kuwoloka n'kukakonzera kwathu, ndipo kuwolokako n'kumene kumafuna kuti funso lija ukhale utafunsa kale.

Talão uijambulitse kawiri katatu. Ina ikhale m'thumba, ina kwa mkazi wako, ina mufoni, yeniyeni pamalo osafika madzi ndi mbewa. Lisiti lililonse la ndalama usunge. Ukadzatopa ndi kudikira padzabwera munthu waulemu, wovala bwino, wonena kuti amadziwana ndi akuluakulu ndipo akhoza kufulumizitsa zinthu. Kwathu timati madobadoba, kuno ndalama yotereyi amaitcha refresco, ngati kuti ndi chakumwa chabe. Usapereke. Sindikunena izi chifukwa cha tchalitchi chokha. Pepala lotuluka pakhomo la kuseri ukhoza kuyenda nalo zaka, n'kudzakugwetsa tsiku limene ukufuna lokhazikika, pamene adzatsegula fayilo yonse kuyambira tsamba loyamba. Ndalama yolipira boma ili ndi lisiti. Uisungiretu mu ndalama ya kuno, meticais, chifukwa kwacha ikhoza kukuthawa usiku umodzi monga inachitira mu Novembala 2023 itagwa ndi 44 peresenti.

Pali china chimene amuna sitikonda kunena. Kudikira kumalowa m'nyumba. Mkazi wako ndiye adzasaina kuti akukuyang'anira, chiphaso chake ndicho chidzatsagana ndi pempho lako, Chipwitikizi chake ndicho chidzakulankhulira pawindo. Kwa mwamuna woleredwa monga tinaleredwera ife, zimenezi zimaluma. Ine ndinkabwera kuchokera ku ofesi chimanjamanja n'kukalipira azakhali ako pa nkhani ya mchere, pamene iwo analibe mlandu. Ndaonanso mbali inayo, nyumba zimene mwini dziko akapsa mtima amati ndikakuchotsetsa, ubwerere kwanu. Mawu amenewo akatuluka kamodzi sabwerera. Mukhale pansi awiri, ngakhale pamaso pa ankhoswe, mugwirizane kuti nkhani ya mapepala sidzalowa m'mikangano yanu. Ndipo phunzira Chipwitikizi. Pamsika wa Lichinga Chiyao ndi Chinyanja zidzakugulira mbatatesi ndi usipa, koma fomu sadzakulembera m'Chinyanja, ndipo munthu wosainira chimene sanawerenge amakhala mwana m'nyumba yake yomwe.

Mwana akabadwa mukamulembetse msanga, musadikire za sukulu. Wobadwira kuno kwa mayi wa kuno ndi mwana wa dziko lino, ndipo pepala lake limalimbitsanso nkhani yako. Mukafuna kupita naye kukaonetsa agogo ake, funsani zofunika pa mwana padera, makamaka ngati akuyenda ndi kholo limodzi.

Kutsogoloku kuli khomo lina. Malamulo aakulu a Mozambique a 2004, pa ndime 26, amalola mlendo amene wakhala m'banja ndi nzika kwa zaka zosachepera zisanu kupempha unzika, akanena yekha kuti akufuna ndi kukwaniritsa zofunika. Ku Malawi nako Nyumba ya Malamulo inavomereza mu Disembala 2018 kuti munthu akhoza kukhala nzika ya mayiko awiri. M'nthawi yanga kutenga kuno kunali kutaya kwathu, ndipo ine sindinathe. Iwe udzasankha wekha ikadzafika nthawi. Chimene ndikufuna uone lero n'chakuti zaka zisanuzo adzaziwerenga kuchokera pa tsiku lolembedwa pa setifiketi. Chaka chilichonse chimene mukhala osalembetsa ukwati sichidzawerengedwa, ngakhale mutabereka ana atatu.

Usananyamuke ukhale pansi ndi mayi ako ndi akuluakulu a kwathu. Uwauze poyera kuti kwa miyezi ingapo, mwina kupitirira, sudzatha kudumpha tsiku lomwelo foni ikalira. Uwapemphe kuti matenda asamakubisire. Kwathu tili ndi chizolowezi chonena kuti akupezako bwino mpaka tsiku lomaliza, poopa kudetsa nkhawa wa kutali. Agogo ako anadwala masabata atatu ndipo ine ndinkauzidwa kuti ndi malungo chabe. Akanandiuza sabata yoyamba ndikanapita ku ofesi Lolemba lina lililonse, ndikanawapeza ali moyo. Mayi ako akukula, ndipo ndi mlongo wanga. Sindikufuna udzaime pamene ndinaima ine.

Undiuze tsiku lonyamuka. Udzadzere pa Chiponde, udindise mbali zonse ziwiri, ndipo pa Mandimba ukwere minibasi ya m'mawa, imene kuno amati chapa, kuti ufike kusanade. Ndidzakudikira pokwerera. Setifiketi ya ukwati, pasipoti ndi zithunzi zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'thumba la pamwamba pa galimoto. Lolemba lake tidzapita limodzi, iwe, mkazi wako ndi ine. Funso la ulendo udzafunsa ndiwe, m'Chipwitikizi chako chochepacho, ine ndidzaima pambali ndi kope.

Ndine malume wako.